MGODI WA BROKEN HILL NDI MTOBVU UMENE UNATSALA

Pa njanji yocokera ku Lusaka kunka ku migodi ya mkuwa pali mzinda wa Kabwe, umene kale unachedwa Broken Hill. Mzinda uwu unabadwa ndi mgodi, unakula ndi mgodi, ndipo mgodiwo utatsekedwa m'caka ca 1994 unasiyira ana a kumeneko nthenda imene ikali kubvuta. Mbiri yace iyenera kudziwika kwa mphunzitsi ali yense, ngakhale wa sukulu ya kutali ndi migodi, pakuti ikhudza funso limene maiko ambiri alimbana nalo. Funsolo ndi ili: kodi Boma liumirize eni migodi ndi mafakitale kuti asaipitse mpweya, madzi ndi nthaka, angakhale iwo anene kuti lamulo lotere lidzacotsa anthu pa nchito?

CIYAMBI CA MGODI

M'caka ca 1902 Mzungu wina wofufuza miyala, dzina lace T. G. Davey, anapeza miyala ya mtobvu ndi zinki pa timapiri ta m'dziko la Alenje. Anacha malowo Broken Hill, potengera dzina la mgodi wina wa mtobvu wa ku Australia. Mu 1904 kunakhazikitsidwa kampani ya Rhodesia Broken Hill Development Company, ndipo mu 1906 njanji inafika pamenepo. Mu 1921 anthu okumba anapeza m'phanga cigaza ca munthu wa kale lomwe, cimene cinatengedwa kunka ku London, nicimveketsa dzina la Broken Hill pa dziko lonse. Mu 1925 anatsiriza kucinga mtsinje wa Mulungushi kuti mgodi ukhale ndi magetsi, ndipo kuyambira caka comweco gulu la Anglo American la ku Johannesburg linalowa m'zocitika za mgodiwo kufikira 1974.

Nkosayenera kupeputsa zabwino zimene mgodi unadzetsa. Masiku amenewo mwamuna ali yense anayenera kupereka msonkho wa ndalama, koma kumudzi kunalibe kopezera ndalamazo. Cotero amuna anacoka ku Lubemba, ku Fort Jameson, ku Nyasaland ndi kwina, nayenda ulendo wa masabata kuti akalembedwe nchito. Malipiro ao analipira msonkho, nagula nsaru, makasu ndi njinga, naphunzitsa ana. Kampani inagawira anchito ena okwatira minda ya maekala 5 kuti azilima pafupi ndi mgodi. Godfrey Wilson, amene anaphunzira za makhalidwe a anthu a m'Broken Hill ca m'ma 1939 ndi 1940, anaona kuti ambiri mwa iwo anali atakhazikika m'tauni zaka zambiri, osangobwera kwa kanthawi monga momwe Boma linali kuganizira. Kwa anthu otere utsi wa ng'anjo unali cizindikilo cakuti nchito ilipo. Wodandaula ndi utsiwo akadayankhidwa ndi mwambi wa makolo wakuti walira mvula walira matope.

MATOPE AMENE SAUMA

Koma mtobvu sufanana ndi matope, amene amauma dzuwa likawala. Posungunula miyala m'ng'anjo, mtobvu wina umatuluka pamodzi ndi utsi monga pfumbi losaoneka bwino ndi maso. Mphepo ya ku Kabwe imaomba kawirikawiri kucokera kum'mawa, ndipo komboni ya Kasanda, kumene kunali kukhala anchito acikuda, inamangidwa mbali imene utsiwo unali kupita. Pfumbi linagwa pa madenga, pa mabwalo ndi pa ndiwo za m'dimba, ndipo popeza mtobvu suola, uli m'nthakamo ndithu.

Wamkulu akameza mtobvu, thupi lace limatenga pang'ono. Koma thupi la mwana limatenga wambiri, ndipo mwana ndiye amakwawa pansi ndi kuika zala m'kamwa. Mtobvu umalowa m'mwazi, numakhala m'mafupa zaka zambiri, ndipo mai wapakati amaupatsira mwana asanabadwe. Ukacuruka umadzetsa kupweteka kwa m'mimba, kucepa kwa mwazi, kukomoka, ngakhale imfa. Ukakhala wocepa umaononga ubongo mwakacetecete: mwana amacedwa kulankhula, amaiwala msanga, sakhazikika m'kalasi. Mphunzitsi wosadziwa angamuyese waulesi, pamene mwanayo anapwetekedwa asanaone khomo la sukulu.

Kuopsya kwa mtobvu kunadziwika mgodi wa ku Kabwe usanatsegulidwe. Boma la New South Wales linatuma akatswiri kukafufuza za kudwala kwa anthu ku Broken Hill wa ku Australia, mgodi womwe uja unabwereketsa dzina, ndipo mu 1893 iwo analemba poyera kuti codwalitsaco cinali mtobvu.

CITSANZO CA KU ENGLAND

Pofuna kuweruza bwino nkhaniyi, nkothandiza kuona cimene cinacitika kwina. Ku Widnes ndi ku St Helens, m'dziko la England, kunali mafakitale opanga soda wopangira sopo ndi magalasi. Utsi wace unali wa asidi, ndipo unali kuumitsa mitengo ndi mbeu m'minda yozungulira. Eni minda anadandaula, koma ambiri anaopa kuti kuletsa utsi ndiko kupha malonda amene anali kudyetsa mabanja zikwi zambiri. Komabe mu 1863 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo lochedwa Alkali Act, lakuti pa magawo 100 a asidi wa m'utsi, magawo 95 azigwidwa asanatulukire kunja. Robert Angus Smith anaikidwa kukhala woyang'anira, ndipo anali ndi mphamvu yolowa m'fakitale ndi kuyesa utsi.

Mafakitale sanatsekedwe. Njira yogwirira asidiyo inalipo kale, pakuti William Gossage anaitulukira mu 1836: utsi unali kupitirizidwa m'nsanja momwe munali kutsika madzi. Ena anali kuigwiritsa nchito, ena ai, cifukwa panalibe cowaumiriza. Lamulo litafika onse anamanga nsanjazo, ndipo patapita zaka anaphunzira kupanga mankhwala oyeretsera nsaru kucokera ku asidi amene kale anali kumtaya. Lamuloli silinathetse mabvuto onse, popeza zinyalala zina zinapitirira kuunjikidwa ndi kutayidwa m'mitsinje. Koma linaonetsa kuti lamulo lokhala ndi muyeso womveka ndi woyang'anira wosadya za kampani likhoza kuyenda pamodzi ndi nchito.

WOWERUZA ALI NDI GAWO

Ku Broken Hill zinthu zinayenda mwina. British South Africa Company, imene inalamulira dziko kufikira 1924, inali yomweyo mwini wa miyala yonse ya pansi, ndipo inapitirira kulandira gawo lace kufikira 1964. Boma la atsamunda linadalira msonkho wa migodi. Anthu a m'makomboni, amene anali kupuma utsiwo, analibe liu m'Nyumba ya Malamulo monga analiri nalo eni minda a ku England.

Ufulu wa 1964 unasintha dzina la mzinda, koma sunacotse msampha umenewu. Mu 1970 Boma la Zambia linatenga magawo 51 pa 100 a migodi, ndipo mu 1982 migodiyo inaphatikizidwa pansi pa ZCCM. Tsono Boma linakhala mwini mgodi, wolemba anchito, ndiponso woyenera kudzudzula mgodiwo. Mu 1975 Dr. A. R. L. Clark analemba za kafukufuku wace woonetsa kuti ana a pafupi ndi mgodi, makamaka a ku Kasanda, anali ndi mtobvu wambiri m'mwazi. Koma m'zaka zomwezo mtengo wa mkuwa unagwa, cuma ca dziko cinacepa, ndipo ndalama zokonzera ng'anjo zinapikisana ndi malipiro a anchito, masukulu ndi zipatala. Lamulo lalikulu loteteza malo okhalamo anthu, Environmental Protection and Pollution Control Act, linadza mu 1990, mgodi utagwira nchito zaka zoposa 80. Patangopita zaka zinai mgodi unatsekedwa, cifukwa miyala yabwino inali itacepa ndipo phindu panalibe.

Apa ndipo pagona phunziro lalikulu la mbiriyi. Nchito za ku Kabwe sizinaphedwe ndi lamulo loletsa utsi. Zinatha monga zimathera nchito za mgodi uli wonse, miyala ikatha. Cimene kulekerera kunapindula ndico kuti eni mgodi anasunga ndalama zimene akadaonongera pa kugwira pfumbi, ndipo ngongoleyo inagwera ana amene sanalandirepo malipiro a pa mgodi.

ZOTSALA

Mgodi unasiya mulu waukulu wa zotsala za m'ng'anjo, umene anthu amaucha Black Mountain. Amuna ndi akazi osowa nchito anayamba kukumba pamenepo ndi manja, kufuna miyala yogulitsa, nabwerera kunyumba ndi pfumbi m'zobvala. Motero funso lakale linabweranso m'maonekedwe owawa koposa: kuwaletsa ndiko kuwalanda cakudya, kuwaleka ndiko kupereka ana ao ku mtobvu. Mu 2015 akatswiri a University of Zambia ndi a Hokkaido University ya ku Japan anafalitsa zimene anapeza atayesa mwazi wa ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu: onsewo anali ndi mtobvu wopitirira muyeso umene madokotala anali kuuyesa cenjezo. World Bank inathandiza Boma ndi ndalama mu 2003, ndiponso mu 2016 ndi ngongole yoposa madola 65 miliyoni ya ku Kabwe ndi matauni ena a migodi, yoyesera ndi kuciritsa ana ndi kukonza malo oipitsidwa.

Mu 2020 mlandu unaperekedwa ku bwalo lalikulu la ku Johannesburg m'dzina la ana ndi amai pafupifupi 140,000, otsutsana ndi Anglo American South Africa. Kampaniyo inakana, niti sinali mwini mgodi koma inali ndi gawo locepa, ndi kuti mgodi unayendetsedwa ndi ena kuyambira 1974. Mu December 2023 bwalo linakana kuti mlanduwo uzengedwe monga wa gulu, ndipo mu 2024 odandaula analoledwa kucita apilo.

Tsono mbiri ya Kabwe siphunzitsa kuti migodi njoipa, pakuti dziko la Zambia laphunzitsa ana ace ambiri ndi ndalama za migodi. Iphunzitsa zinthu zitatu. Coyamba, m'mera m'poyamba: kugwira pfumbi pa cumuni nkochipa koposa kulicotsa m'nthaka ya mzinda wonse. Caciwiri, woyesa utsi asakhale wodya nao phindu la utsiwo. Cacitatu, kampani iziika padera ndalama zokonzera malo pamene mgodi ukali kupindula, cifukwa ukatsekedwa eni ace amabalalika. Masiku ano migodi yatsopano ikutsegulidwa m'madera amene kale kunali minda yokha, ndipo mafumu ndi makolo akaitanidwa ku msonkhano, kawirikawiri amafunsa mphunzitsi kuti awawerengere mapepala. Pamenepo padzachulidwa ciwerengero ca anthu odzalembedwa nchito. Mphunzitsi wodziwa za Kabwe adzafunsanso kumene mphepo imaombera, kumene zinyalala zidzaunjikidwa, ndi amene adzazicotsa miyala ikadzatha.