Kusefukira kwa madzi m'chigwa cha Shire

Kusefukira kwa madzi m'chigwa cha Shire ndi ngozi yomwe imagwa pafupifupi chaka chilichonse m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kummwera kwa dziko la Malawi, makamaka pakati pa miyezi ya Januwale ndi Malichi. Madzi ambiri omwe amawononga kuchigwachi si a mvula yogwa komweko, koma amatsika kuchokera kumapiri ndi kumtunda kwa Mulanje, Thyolo, Blantyre, Mwanza ndi Neno. N'chifukwa chake nkhani yoti wolakwa ndani imavuta, poti amene akumira ndi amene achititsa nthawi zambiri sakhala dera limodzi.

Malo ake

Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe ndi pa Liwonde. Kenako umatsika ndi liwiro pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pomwe pali makina opangira magetsi. Ukafika ku Chikwawa umalowa m'dera lathyathyathya ndipo umayamba kuyenda pang'onopang'ono. Malo otsikitsitsa m'Malawi ali ku Nsanje, pamalire ndi Mozambique, mamita pafupifupi 37 okha kuchokera pa mlingo wa nyanja yaikulu, pomwe nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ndi yotalika mamita 3,002.

Mtsinje wa Ruo, womwe umachokera ku Mulanje, umathira mu Shire pa Chiromo. Ruo akadzaza amabwera ndi mphamvu moti amatsekereza madzi a Shire, ndipo madziwo amabwerera m'mbuyo n'kudzaza dambo lalikulu la Elephant Marsh ndi midzi yozungulira. Dera la Makhanga limasanduka chilumba, osafikika kupatula pa bwato kapena pa helikopita. Mitsinje ina monga Mwanza, Thangadzi ndi Lalanje imaphwa kapena kuchepa kwambiri m'chilimwe, koma mvula ikagwa kumtunda imadzaza m'maola ochepa, nthawi zina kunsi kukuwala dzuwa.

Zaka zomwe kunaopsa

Mu Januwale 2015 mvula yamphamvu inagwa kwa masiku angapo, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ndi malo angozi. Anthu oposa 1 miliyoni anakhudzidwa, pafupifupi 230,000 anasowa pokhala, 106 anamwalira ndipo ena 172 anasowa. Chaka chimenecho Ruo anasintha njira yake n'kudutsa m'minda ndi m'midzi. Mu Malichi 2019 mvula yokhudzana ndi namondwe wa Idai inapha anthu 60. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Patangotha milungu ingapo kunabweranso namondwe wa Gombe, ndipo m'mwezi wa Malichi womwewo munayamba mliri wa kolera womwe unapha anthu oposa 1,700.

Woopsa kuposa onse anali namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Matope ndi miyala zinatsika paphiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo zofanana nazo zinachitika ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Omwalira pamodzi ndi osowa anaposa 1,000, ndipo anthu oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo. Ambiri mwa madziwo pamapeto pake anatsikira kuchigwa.

Zomwe zimachititsa

Chifukwa choyamba ndi malo enieniwo. Chigwachi n'chosefukira chibadwire, ndipo nthaka yake yachonde inabwera ndi madzi omwewo. Chomwe chasintha ndi kukula kwa ngoziyo ndi kubwera kwake pafupipafupi.

Chifukwa chomwe chimatchulidwa kwambiri ndi kutha kwa mitengo kumtunda. Pamene phiri lili ndi nkhalango, mvula imalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe. Likakhala lambee, madzi amangothamanga pamwamba atanyamula dothi. Dothilo limakakhala pansi pa mitsinje ya kuchigwa, mtsinje n'kukhala wosazama, moti madzi omwe kale ankakwanira m'njira yake tsopano amatayikira m'mbali. Mtsinje wa Mwanza ndi chitsanzo chodziwika: m'malo ena mchenga wadzaza mpaka pafupi ndi pamwamba pa gombe. Mchenga ndi zinyalala zomwezi zimavutitsanso kampani ya EGENCO pa Nkula ndi Tedzani.

Mitengoyi imatha chifukwa cha minda yatsopano, kuotcha njerwa, komanso makamaka makala. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Wootcha makala ku Neno kapena ku Mwanza ndi amene amagwidwa panjira ndi kulandidwa matumba, koma makalawo amakathera pa mbaula za ku Blantyre, ngakhale m'nyumba zomwe muli magetsi. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020, limaletsa kupanga makala popanda chiphaso, komabe matumba amadutsa pa marodibuloko tsiku lililonse.

Kuchuluka kwa anthu nakonso kuli ndi gawo lake. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, pomwe wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Malo olima ndi omangapo akuchepa, ndiye anthu amalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kudula bango ndi mitengo yomwe inkagwira gombe. M'mizinda amamanga m'mapiri ndi m'madambo, ndipo ngalande zimatsekeka ndi zinyalala ndi majumbo.

Pali kusintha kwa nyengo. Nyanja yaikulu ya Indian ikutentha, ndipo mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri. Mu 2022 akatswiri a gulu la World Weather Attribution anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mphamvu ya mvula ya anamondwe a chaka chimenecho, kuphatikizapo Ana. Freddy anakhala masiku 36, ndipo bungwe loona za nyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti palibe namondwe wina wodziwika yemwe anakhalitsa chotero.

M'madera a Zomba, Mulanje ndi Phalombe muli chikhulupiriro cha Napolo, chinjoka chomwe amati chimakhala pansi pa phiri ndipo chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kutulutsa madzi. Dzinali linamveka pa ngozi ya ku Zomba ya 1946, ya ku Phalombe ya 1991, ndiponso nthawi ya Freddy.

Mkangano wa yemwe ali ndi mlandu

Ngozi ikachitika, mawu omwe amamveka msanga pa wailesi ndi oti anthu a kuchigwa ndi osamva, amakana kusamukira kumtunda, ndipo ena amafika ponena kuti amachitira dala kuti azilandira thandizo. Anthuwo amayankha kuti moyo wawo uli kumadimba. Chigwachi chimalandira mvula yochepa ndipo kumatentha kwambiri, moti mbewu za kumtunda zimapsa kawirikawiri. Madzi akaphwa amasiya chinyontho chomwe amadzalapo chimanga, mbatata ndi nyemba, ndipo m'dambo muli nsomba. Malo omwe amauzidwa kuti apite nthawi zambiri ali ndi eni ake kale, kapena alibe mjigo, sukulu ndi chipatala. Palinso nkhani ya manda a makolo, komanso ya mafumu omwe akasamukira m'dera la mfumu ina ufumu wawo umatha. Mabanja ambiri asankha kukhala ndi nyumba kumtunda n'kumatsika kukalima, koma zimenezi zimatheka pokhapokha ngati mtunda wake ndi woyendeka.

Boma lili ndi mbali yaikulu chifukwa ndi lomwe lili ndi mphamvu zogawa malo, kuteteza nkhalango ndi kuchenjeza anthu. Lamulo loyamba la ngozi zogwa mwadzidzidzi linapangidwa mu 1991, pambuyo pa ngozi ya ku Phalombe, ndipo linkayang'ana kwambiri zopereka thandizo ngozi itachitika kale. Lamulo latsopano linakhala likukambidwa kwa zaka zambiri, koma Nyumba ya Malamulo inalivomereza mu 2023, Freddy atadutsa. Nthambi ya DoDMA imadalira kwambiri ndalama za mabungwe ndi mayiko ena. Ku Blantyre, phiri la Soche ndi nkhalango yotetezedwa, koma nyumba zinakwera phirilo kwa zaka zambiri aliyense akuona. Ntchito ina yachitika ndithu: pansi pa ndondomeko yosamalira mtsinje wa Shire yothandizidwa ndi World Bank anamanga zipupa zotchinga madzi m'midzi ina ndi kukonzanso zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde.

Zitseko za ku Liwonde nazo zimatchulidwa. Madzi akadzaza kuchigwa pamamveka mphekesera yoti atsegula baraji. Zoona zake n'zakuti mitsinje yomwe imabweretsa madzi adzidzidzi, monga Ruo ndi Mwanza, imalowa mu Shire kunsi kwa Liwonde, komwe zitsekozo sizingaigwire. Komabe mu 2024, nyanja ya Malawi itakwera n'kumiza malo ogona alendo ku Mangochi, eni malowo anapempha kuti zitseko zitsegulidwe kwambiri, pomwe akuluakulu oona za madzi ankaopa kuti kutero kuwononga kunsi.

Pa mayiko akunja, Malawi amatulutsa mpweya wochepa kwambiri wowononga nyengo poyerekeza ndi mayiko a mafakitale, ndipo wakhala akugwirizana ndi mayiko ena osauka popempha chipukuta misozi. Pamsonkhano wa COP27 ku Sharm el-Sheikh mu 2022 mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipirira zowonongeka ndi nyengo, ndipo linatsegulidwa ku Dubai mu 2023. Boma la Scotland linali litayamba kale kupereka ndalama zamtunduwu, ndipo zina zinafika kwa mabanja a m'Malawi omwe anakhudzidwa ndi Freddy. Ndalama zomwe zinalonjezedwa ku Dubai zinali madola pafupifupi 700 miliyoni za mayiko onse ovutika, pomwe kafukufuku wa boma la Malawi anapeza kuti Freddy yekha anawononga zinthu za madola oposa 500 miliyoni m'dziko muno.