Chala Sichiloza Mwini: Mbiri ya Zikwangwani za Matenda Opatsirana Pogonana

M'chaka cha 1900, katswiri wazojambula Ramon Casas anakonza chikwangwani choitanira odwala chindoko ku chipatala china cha mumzinda wa Barcelona. Pachikwangwanipo panali mkazi wowonda, wotumbuluka nkhope, akupereka duwa loyera, pomwe kumbuyo kwake kunabisala njoka. Uthengawo sunasowe womasulira: kukongola kuli patsogolo, ululu uli kumbuyo. Koma mwamuna amene anapatsira mkaziyo matendawo sanajambulidwe. Kachirombo sikaoneka ndi maso, choncho wojambula aliyense amakakamizika kubwereka nkhope ya munthu kuti iimire matenda. Mbiri ya zikwangwanizi kwenikweni ndi mbiri ya nkhope zimene zinabwerekedwa, ndiponso ya anthu amene ankazisankha.

Khalidwe lokankhira ena matendawa linayamba kale zikwangwani zisanabwere. Chindoko chitabuka pakati pa asilikali ku Naples mu 1495, anthu a ku Italy anachitcha nthenda ya Afalansa, Afalansa nkuchitcha nthenda ya ku Naples, ndipo pambuyo pake anthu a ku Russia anachitcha nthenda ya ku Poland. Akulu akale anati chala sichiloza mwini. Makina osindikiza zithunzi zamitundu atafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, chala chija chinangopeza khoma loti chizilozerapo.

Sayansi inathamanga kuposa lilime. Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann anapeza kachirombo koyambitsa chindoko mu 1905, njira ya Wassermann yoyezera magazi inatuluka mu 1906, ndipo mankhwala a Salvarsan, amene Paul Ehrlich ndi Sahachiro Hata anatulukira, anayamba kuperekedwa mu 1910. Komabe dzina la nthendayo linakhalabe lolaula. Mu 1934, wailesi ya CBS ku America inakaniza dokotala Thomas Parran kutchula dzinalo pamphepo, ndipo iye anakana kuyankhula. Atakhala mkulu wa zaumoyo m'dzikolo mu 1936, Parran anayambitsa nkhondo yapoyera yolimbana ndi chindoko, ndipo ojambula a bungwe la boma la WPA anatulutsa zikwangwani zolimbikitsa anthu kukayezetsa magazi, makamaka ofuna kulowa m'banja ndi amayi oyembekezera. Zambiri mwa izo zinkatsutsa manyazi m'malo motsutsa munthu. Koma nthambi ya zaumoyo yomweyo ndi imene, kuyambira 1932 mpaka 1972, inasiya dala amuna akuda 399 odwala chindoko opanda chithandizo choyenera ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama, pofuna kuona mmene nthendayo imawonongera thupi. Khoma linkalonjeza machiritso, koma lonjezolo silinali la aliyense.

Nkhondo ndiyo inabwezeretsa mkazi wa Casas pakhoma, chifukwa msilikali wogona m'chipatala sagwira mfuti. Kale pankhondo yoyamba ya dziko lonse, boma la America linali litatsekera akazi zikwizikwi powaganizira kuti ali ndi matendawa. Pankhondo yachiwiri, chikwangwani china chotchuka chinaonetsa mtsikana wankhope yofatsa, ndi chenjezo kwa asilikali lakuti angaoneke waukhondo koma n'kutheka kuti ali ndi chindoko kapena chinzonono. China chinajambula mkazi wamafupa okhaokha akuyenda atakolowekana mikono ndi atsogoleri a adani, Hitler ali kumodzi, ndipo chinati mwa atatuwo woopsa koposa ndi mkaziyo. Ku Britain, Reginald Mount anajambulira unduna wa zaumoyo chibade chovala chipewa chachikazi chamaluwa, chikukopa mwamuna wodutsa. Zithunzizi zinkayenda limodzi ndi lamulo: mu 1942 boma la Britain linakhazikitsa lamulo lotchedwa 33B, lokakamiza kuyezedwa munthu aliyense amene watchulidwa ndi odwala awiri kuti ndiye anawapatsira, ndipo ochuluka mwa otchulidwawo anali akazi. Mount yemweyo anajambulanso mkwatibwi wovala zoyera, mthunzi wa manja a mkwati wodwala ukumuyandikira, koma zithunzi zoloza mwamuna motere zinali zowerengeka.

Mu 1943, dokotala John Mahoney anachiza odwala chindoko anayi ndi penisilini ku New York, ndipo m'zaka zochepa nthenda imene inkafuna jekeseni za miyezi yambirimbiri inayamba kuchizika m'masiku ochepa. Zibade zinayamba kuchoka m'makoma. Zinabwereranso Edzi itadziwika mu 1981, pakuti panalibe mankhwala oti chikwangwani chilonjeze, ndipo maboma anatsala ndi mantha okha. Ku Britain, mu 1986 ndi 1987, nduna ya zaumoyo Norman Fowler inatsogolera ntchito yochenjeza anthu kuti asafe ndi umbuli. Chizindikiro chake chinali chiliza chachikulu, ndipo kapepala kofotokoza za nthendayo kanatumizidwa kunyumba iliyonse. Ku Australia, mu 1987, wailesi yakanema inaonetsa imfa yonyamula zenga ikugwetsa amuna, akazi ndi ana ndi mpira waukulu. Cholinga chinali kunena kuti aliyense angatenge kachiromboka, koma oonera ambiri anaganiza kuti wazenga uja akuimira amuna ogonana ndi amuna anzawo, ndipo kusalana kunakula. Ku South Africa, boma latsankho linakonza zikwangwani zosiyana kumapeto kwa zaka za m'ma 1980: cha azungu chinaonetsa maina a zibwenzi olembedwa pakhoma, cha anthu akuda chinaonetsa bokosi lamaliro likutsitsidwa m'manda. Uthenga wochokera ku boma loterolo ambiri anaukayikira.

Kusintha kwenikweni kunadza pamene olozedwa aja anatenga okha utoto ndi pepala. Mu 1987, amuna asanu ndi mmodzi a ku New York anamata chikwangwani chakuda chokhala ndi chizindikiro chapinki cha ngodya zitatu, chonga chimene chipani cha Nazi chinkaveka amuna ogonana okhaokha m'ndende zake, ndi mawu akuti kukhala chete ndi imfa. Gulu la ACT UP linachitenga kukhala mbendera yake. Apa chala chinatembenuka: chinaloza boma lozengereza, osati wodwala. Chaka chomwecho, ogwira ntchito zaumoyo a mtundu wa Aborigine ku Townsville, pamodzi ndi namwino Gracelyn Smallwood, anaona kuti wazenga uja sakuyankhula ndi anthu awo, ndipo anapanga Condoman, ngwazi yakuda yovala mitundu ya mbendera yawo, youza achinyamata kuti asachite manyazi ndi kondomu. Ku Switzerland, zikwangwani za STOP AIDS zinaika kondomu yapinki m'malo mwa chilembo cha O, popanda nkhope ya wina aliyense. Ku Uganda, uthenga wa “Zero Grazing” unatengedwa ku moyo wa alimi: ng'ombe yomangidwa pachikhomo imadya msipu wozungulira pomwepo, sipita m'munda wa eni. Mawuwa ankalunjika makamaka kwa amuna a zibwenzi zambiri, ndipo wakumudzi aliyense ankawamva.

Kummwera kwa Africa kuno, njira yakale ndi yatsopano zinayendera limodzi. Ku Malawi, makondomu a Chishango anayamba kugulitsidwa mu 1994, koma mu 2002 zikwangwani zake zatsopano, zoonetsa ntchafu ya mkazi, zinautsa mkwiyo wa atsogoleri a zipembedzo mpaka zinachotsedwa. Mkangano unali pa zaulemu, koma chithunzicho chinabwerezanso phunziro la mu 1900, lakuti chiopsezo chili m'thupi la mkazi ndipo wofunika chishango ndi mwamuna. Ku South Africa, zikwangwani zikuluzikulu za loveLife, zimene zinayamba mu 1999, zinadzudzulidwa kuti n'zokongola koma zosamveka. Chikwangwani champhamvu koposa m'dzikolo sichinamatidwe pakhoma. Gugu Dlamini ataphedwa ku KwaMashu mu Disembala 1998 chifukwa choulula kuti ali ndi kachirombo, a bungwe la Treatment Action Campaign anayamba kuvala malaya olembedwa kuti “HIV Positive”, odwala ndi osadwala omwe, ndipo Nelson Mandela anavala malayawo ku Khayelitsha mu 2002. Woona sakanathanso kusiyanitsa woti amusale.

Nkhaniyi sinathe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu akuluakulu pafupifupi 8 miliyoni anatenga chindoko, nthenda yochizika ndi jekeseni yotsika mtengo. Vuto si kusowa kwa mankhwala kokha, koma mtunda umene uli pakati pa wodwala ndi khomo la chipatala, ndipo mbali yaikulu ya mtundawo ndi manyazi. Chikwangwani choloza hule, mlendo kapena mdani chimauza wodutsa aliyense kuti nkhaniyi si yake, ndipo chimauza wolozedwayo kuti akabisale. Zikwangwani zimene zinafupikitsa mtundawo ndi zimene zinayankhula m'chinenero cha eni nthenda, n'kuwalozera khomo m'malo mowaloza iwo.