Chamba Chikakhalitsa: Kuchokera M'manda a ku China Kufika pa Lamulo la 2021

Mu 2008 asayansi anafalitsa zomwe anapeza m'manda ena a ku Yanghai, pafupi ndi mzinda wa Turpan kumadzulo kwa China. M'mandamo munagona mwamuna wa zaka pafupifupi 45, yemwe anaikidwa zaka 2,700 zapitazo pamodzi ndi uta, zingwe za kavalo ndi choimbira chazingwe. Pambali pake panali dengu lachikopa ndi mbale yamtengo, ndipo m'menemo munali chamba cholemera magalamu 789. Chinali chikali chobiriwirako, koma fungo linali litatha, ndipo njere zake atazibzala sizinamere.

Aliyense wokulira kumudzi adziwa kuti chomera chouma sichikhala ngakhale mainza awiri osafumbwa kapena kuwola. Nanga ichi chinapulumuka bwanji? Turpan ndi chipululu, mvula kumeneko ndi yosowa kwambiri. M'manda munali mdima, mouma, ndipo mpweya sunali kulowa ndi kutuluka. Zinthu zimene zimawononga chamba ndi zinayi: kuwala, mpweya, kutentha ndi chinyezi. Mbiri yonse ya kusunga chomerachi ndi nkhondo yolimbana ndi zinayizi, ndipo nkhondoyi inasintha malonda, mankhwala ndi malamulo.

Kuno kwathu chamba sichachilendo. Chinachokera ku Asia, n'kulowa mu Africa kudzera kugombe la kum'mawa, kumene ngalawa za amalonda zinkakocheza. Maina ake okha aonetsa njira imene chinayenda. Ku India amati bhang, Aswahili amati bangi, Abemba ibange, Atonga lubanje, Ashona mbanje. Alozi amati matokwani, dzina lofanana ndi la Asotho akumwera. Ife timati chamba, ndipo m'makomboni mumamva kuti dobo. David Livingstone, m'buku lake la 1857, analemba kuti Atonga ndi Akololo a m'mbali mwa Zambezi ankachikoka kwambiri.

Vuto la makolo linali lakuti chamba chimakololedwa kamodzi pachaka, mvula ikatha, pamene ofuna kugula amakhalapo chaka chonse. Ku Malawi, makamaka cha ku Nkhotakota ndi Mzimba, alimi ankachikulunga zolimba m'makungwa a nthochi kapena m'makoko a chimanga, n'kumanga ndi luzi mpaka chioneke ngati chitsononkho. Chomangidwa motero sichiona dzuwa, mpweya umalowa pang'ono chabe, ndipo n'chosavuta kunyamula paulendo wautali. Ndicho chimene alendo ochokera kunja anadzachitcha Malawi Gold. Nzeru yake ndi yomweyo imene agogo athu ankasungira mfutso m'chikwatu chamasamba, chopachikidwa kutsindwi.

Ku Asia anapeza njira ina. M'malo mosunga masamba ndi maluwa, ankachotsa utomoni wake n'kuukanikiza kukhala mibulu yolimba, yotchedwa charas kapena hashish. Amalonda a ku Yarkand ankausokerera m'matumba achikopa, n'kuwoloka nawo mapiri kudzera ku Leh mpaka ku Punjab. Ngakhale utomoniwo unkafooka chaka ndi chaka, moti wamalonda wochedwa kugulitsa ankaluza.

Nkhani ya kufooka imeneyi ndi yomwe inagwetsa chamba m'zipatala za ku Ulaya. Mu 1839 dokotala wa ku Ireland, William O'Shaughnessy, yemwe ankagwira ntchito ku Calcutta, analemba za mmene anachiyesera pa odwala nyamakazi, kafumbata ndi kolera. Madokotala a ku Britain ndi America anachilandira, ndipo posakhalitsa mankhwala a chamba anali m'mabotolo m'masitolo a mankhwala. Koma katundu wochokera ku India ankatha miyezi pasitima yapamadzi, kenako n'kukhalanso m'nyumba zosungiramo katundu. Botolo lina linkakhala lamphamvu zedi, lina ngati madzi. Dokotala sankadziwa kuti apereke madontho angati. Akapereka ochepa, wodwala sapeza bwino. Akachulukitsa, wodwala azunguzika mutu.

Nthawi yomweyo kunabwera mankhwala ena odalirika. Morphine ankatheka kubaya ndi jekeseni, pamene utomoni wa chamba susungunuka m'madzi. Aspirin anafika pamsika mu 1899, ndipo mlingo wake sunkasintha. Chamba chinachotsedwa m'buku la mankhwala ovomerezeka ku Britain mu 1932, ndi ku America mu 1942. Malamulo oletsa anathandizira, chifukwa pangano la ku Geneva la 1925 linali litachiika kale pa mndandanda wa zinthu zoyang'aniridwa pakati pa mayiko. Koma madokotala ambiri anali atatopa nacho kale.

Ngakhale asayansi anasokonezeka ndi chamba chokhalitsa. Mu 1896 akatswiri atatu a ku Cambridge, Wood, Spivey ndi Easterfield, anatulutsa mu charas chinthu chomwe anachitcha cannabinol, mwachidule CBN. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti ndicho choledzeretsa. Mu 1964, ku Israel, Yechiel Gaoni ndi Raphael Mechoulam anapatula THC n'kuonetsa kapangidwe kake, ndipo iyi ndiyo yoledzeretsa kwenikweni. Zinadziwika kuti CBN ndi chimene THC imasanduka ikakumana ndi mpweya ndi kuwala kwa nthawi yaitali. Tinganene kuti a ku Cambridge aja anagwira phulusa n'kuliyesa moto.

Kuchokera pamenepo kufooka kwa chamba kunayamba kuyezedwa. Mu 1976 Fairbairn ndi anzake ku London anapeza kuti kuwala ndiko kumawononga kwambiri kuposa zina zonse. Pambuyo pake Ross ndi ElSohly a ku Mississippi anayeza chamba chosungidwa m'chipinda wamba: THC inatsika ndi pafupifupi 17 peresenti chaka choyamba, 27 pofika chachiwiri, 35 chachitatu ndi 41 chachinayi. Manambalawa sanawafunire osuta. Anawafunira ma labu a apolisi ndi makhoti, kuti poyerekeza CBN ndi THC azitha kudziwa kuti katundu wogwidwa wakhala nthawi yaitali bwanji.

Mdani wina ndi chinyezi, ndipo uyu ndiye woopsa pa thanzi. Chomera chosauma bwino chimachita chuku, chija ena amati nkhungu. Mtundu wina wa chuku, Aspergillus, ukalowa m'mapapo a munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chafooka, ungamudwalitse mpaka kumupha. Ife a ku Zambia dzinali tiyenera kulidziwa. Banja lomweli la chuku ndi lomwe limapanga aflatoxin mu chimanga ndi nshawa, poizoni amene mu 2024 anapezeka mu unga wina, agalu ambiri atafa, boma n'kulamula kuti ungawo uchotsedwe pamsika.

Manje tibwere kunyumba. Mu 2017 Lesotho inakhala dziko loyamba mu Africa kupereka malaisensi olima chamba cha mankhwala. Zimbabwe inatsatira mu 2018, Malawi mu 2020. Kuno nduna za boma zinavomereza ganizoli mu December 2019, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inapanga Cannabis Act ndi Industrial Hemp Act. Achinyamata ambiri atamva anati basi, dobo yamasulidwa. Ayi ndithu. Malamulowa akamba za kulima ndi laisensi, kaamba ka mankhwala, kafukufuku ndi mafakitale. Kusunga kapena kukoka chamba popanda chilolezo ukali mlandu, a DEC akali kugwira anthu, ndipo alipo anyamata ambiri amene ataya sukulu ndi ntchito chifukwa cha kampukutu kamodzi kopezeka m'thumba. Madokotala nawonso amachenjeza kuti kuyamba kukoka uli wamng'ono, ndiponso kukoka tsiku ndi tsiku, kumawonjezera ngozi ya matenda a maganizo.

Nanga mbiri ya kusungayi itikhudza pati? Itikhudza pa funso lakuti ndani adzadya ndalama za ulimi watsopanowu. Wogula mankhwala ku Germany safunsa kuti munda unali wokongola bwanji. Amafuna pepala la ku labu loonetsa mlingo wa THC, kuchuluka kwa chinyezi, ndi umboni wakuti mulibe chuku kapena mankhwala ophera tizilombo. Amafunanso kuti katundu wa mwezi uno afanane ndi wa mwezi wamawa. Limeneli ndi vuto lomwe lija linagonjetsa madokotala a m'zaka za m'ma 1800, ndipo lero amalithetsa ndi nyumba zoumitsira, zipinda zozizira, zotengera zosalowa kuwala ndi akatswiri oyeza. Zonsezi zifuna ndalama, magetsi osathimathima ndi anthu ophunzira.

Alimi a fodya ku Chipata ndi Lundazi adziwa kale kuti mtengo wa fodya umapangidwa m'chigafa, chifukwa tsamba labwino likaonongeka poumitsa limagwa giredi pamsika. Chamba cha mankhwala n'chimodzimodzi, koma malamulo ake ndi okhwima kuposa pamenepo. Ngati dziko silikonzekera mbali imeneyi, mlimi wa kuno adzakhala waganyu m'munda, ndipo phindu lidzapita kwa mwini nyumba yosungira ndi labu.

Choncho wachinyamata amene aona tsogolo mu ulimi umenewu ayambe kufunsa mafunso oyenera. Laisensi ndi ndalama zingati, ndipo makopaletivu a alimi ang'onoang'ono angaikwanitse? Ndani adzayeza katundu, kuno kapena kunja? Makoleji athu a zaulimi ndi a zamankhwala akuphunzitsa kuumitsa, kusunga ndi kuyeza mbewu? Funsani phungu wanu akabwera ku komboni, imbani foni pa wailesi nduna ikakhala mu situdiyo. Ndipo amene muli pa sukulu, musathawe chemistry.