Kuwonjezera mphamvu injini ya MGB: dongosolo ndi bajeti yake

MGB ndi galimoto yothamanga yomwe inkapangidwa ku Abingdon, m'dziko la England, kuyambira mu 1962 kufikira mu 1980. Galimoto zoposa 500,000 za mtunduwu zidatuluka m'fakitale, ndipo zambiri zidagulitsidwa ku America. Popeza zipangizo zake zikupezekabe mpaka lero, eni ake ambiri amafuna kuti injini ikhale yamphamvu kuposa mmene idapangidwira. Ntchitoyi imadya ndalama, ndipo amene amataya zochuluka ndi amene amagula zipangizo zatsopano asanadziwe ngati injiniyo ili bwino.

Kudziwa injini yake

Injini ya MGB ndi ya mtundu wa B-series, ya masilinda anayi, ndipo kukula kwake ndi 1,798 cc. Zoyambirira zinkakhala ndi makabuleta awiri a SU ndipo zinkatulutsa mphamvu yokwana 95 horsepower. Mu 1964 mabeyaring'i ogwira crankshaft adawonjezeredwa kuchoka pa atatu kufika pa asanu, choncho injini za pambuyo pa chakacho zimapirira bwino zikawonjezeredwa mphamvu.

Galimoto zomwe zinkapita ku America kuyambira mu 1975 zinkakhala ndi kabuleta imodzi ya Zenith-Stromberg chifukwa cha malamulo oletsa utsi woipa, ndipo mphamvu yake idatsika kufika pansi pa 70 horsepower. Nchifukwa chake mwini galimoto ayenera kuwerenga nambala ya injini asanalembe bajeti, pakuti injini yomwe ili m'galimoto yakale nthawi zina si yomwe idabwera nayo.

Kuyeza kaye

Ndalama zoyamba zipite kwa makaniko woyeza. Iye ayeze compression ya silinda iliyonse, mphamvu yomwe oyilo akuyendera injini ikatentha, komanso ngati ikutulutsa utsi wabuluu. Injini yotha mapisitoni kapena mabeyaring'i ikakakamizidwa kugwira ntchito yochuluka imafa msanga, ndipo zipangizo zatsopano zimawonongekera momwemo.

Thupi la galimoto liyezedwenso. MGB ilibe chasisi yapadera. Thupi lenilenilo ndilo limanyamula zonse, ndipo dzimbiri limakonda kudya zitsulo za m'munsi mwa zitseko. Ngati malowa adyeka, kuwotcherera kuyenera kutsogola.

Ndondomeko ya ntchito

Gawo loyamba, lomwenso ndi lotsika mtengo, ndi kubwezeretsa mphamvu yomwe idatayika ndi ukalamba: kulinganiza makabuleta awiriwo, kukonza distributor, kusintha mapulagi ndi kutchera mavalavu. Ambiri amachotsa mapoyinti n'kuikamo zoyatsira moto zamakono.

Gawo lachiwiri ndi mutu wa injini. Mutuwu uli ndi njira zisanu zokha za mpweya: ziwiri zolowera ndi zitatu zotulukira, kutanthauza kuti masilinda amagawana njira. Apa ndi pomwe injini imabanika, ndipo mmisiri wodziwa kusalaza njirazi amapindulitsa kuposa chipangizo china chilichonse. Mutu ukatsitsidwa, ndi nthawi yabwino yoikiratu zokhalira mavalavu zolimba, popeza injiniyi idapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, yemwe ku Britain adaleka kugulitsidwa mwachisawawa mu 2000. Zosefera mpweya ndi ekizozi yotulutsa utsi mosavuta zimayendera limodzi ndi ntchitoyi.

Gawo lachitatu ndi camshaft yatsopano komanso kukulitsa masilinda, nthawi zambiri kufika pa 1,950 cc. Apa injini imatsitsidwa yonse, choncho kilachi isinthidwe nthawi yomweyo kuti mwini asalipire kawiri ntchito imodzi. Camshaft ya mpikisano imapereka mphamvu injini ikamazungulira kwambiri, koma imavutitsa m'tauni. Kabuleta ya Weber 45 DCOE, yomwe ambiri amaikhumbira, imamwa mafuta ndipo phindu lake ndi lochepa pa injini yomwe mutu wake sudakonzedwe.

Gawo lomaliza ndi kuikamo injini ina. Kampani ya MG yomwe idachita zimenezi pakati pa 1973 ndi 1976 popanga MGB GT V8, ya injini ya Rover ya malita 3.5 ndi 137 horsepower. Wotsanzira zimenezi amasinthanso giyabokosi, ledieta ndi ekizozi, kotero mtengo umakwera kwambiri.

Kulemba bajeti

Bajeti yabwino imalekanitsa zinthu zinayi: zipangizo, malipiro a makaniko, ntchito ya kumakina osula ndi kuboola, komanso kutchera injini ntchito ikatha. Mabuleki, matayala ndi ledieta zilembedwenso, chifukwa galimoto yothamanga iyenera kuima bwino ndi kuzizira mokwanira. Woitanitsa zipangizo kunja awerengeretu msonkho, mtengo wotumizira ndi kusintha kwa mphamvu ya ndalama.

Ndi nzeru kupatula ndalama zina zosakhudzidwa, chifukwa injini ikatsegulidwa mumapezeka zina zosayembekezereka, monga mutu wong'aluka. Kampani ya inshuwalansi iuzidwe za kusintha kulikonse, apo ayi ikhoza kukana kulipira pakachitika ngozi. Zipangizo zakale zomwe zachotsedwa zisungidwe, pakuti ogula galimoto zakale ambiri amafuna yomwe ingabwezeretsedwe mmene idatulukira m'fakitale.