Vân Đồn

Vân Đồn linali doko la malonda pa zilumba za kumpoto chakummawa kwa Vietnam, m'chigawo chimene lero chimatchedwa Quảng Ninh. Mfumu Lý Anh Tông ya ufumu wa Đại Việt inalikhazikitsa mu 1149, amalonda ochokera ku Java ndi Siam atapempha malo oti azigulitsirapo katundu wawo.

Kusankha zilumba kunali kochenjera. Alendo ankachita malonda awo kutali ndi likulu la Thăng Long, choncho mfumu inkapeza katundu wa kunja popanda kulola azondi kulowa mkati mwa dziko. Mapiri a pa zilumbazo ankatchinjirizanso zombo ku namondwe. Padokoli pankadutsa silika, ngale, zonunkhira ndi ziwiya zadothi za ku China ndi za ku Đại Việt komweko. Mpaka pano, ku Cái Làng pa chilumba cha Quan Lạn, ofukula zakale amatola mapale a mbale ndi mitsuko m'matope a m'mbali mwa nyanja, pamodzi ndi ndalama zamkuwa zoboola pakati.

Dokoli limakumbukikanso pa nkhondo. Kuchiyambi kwa 1288, kazembe wankhondo wa Đại Việt, Trần Khánh Dư, anaphwasula zombo zonyamula chakudya cha asilikali a ufumu wa Yuan wa ku China omwe anaukira dzikolo, zomwe ankatsogolera Zhang Wenhu. Adaniwo atasowa chakudya anayamba kubwerera, ndipo anagonjetsedwa pa mtsinje wa Bạch Đằng chaka chomwecho.

Malonda a pa Vân Đồn anazilala m'zaka za m'ma 1600, pamene zombo zakunja zinaloledwa kukwera mtsinje mpaka ku doko la Phố Hiến ndi ku Thăng Long.