Timasikuta ta ku Paris ndi anthu oyenda pansi

Kanjinga kokwera choimirira sikanayambe dzulo ayi. Mu 1915, ku New York, anayamba kupanga Autoped, kasikuta koyendera petulo, ndipo mu 1916 mayi Florence Norman anajambulidwa atakwera kotere ku London. Sikanakhalitse pamsika.

Kanadzabweranso patapita zaka pafupifupi 100, tsopano koyendera batire. Mu 2017 kampani ya Bird inamwaza timasikuta tobwereketsa m'misewu ya Santa Monica, ndipo mu 2018 totere tinafika ku Paris. Munthu ankangotsegula ndi foni, n'kuyenda, akafika n'kukasiya paliponse. Vuto linagona pamenepo. Tinkapezeka titagwa m'njira za oyenda pansi, okalamba ndi osaona n'kumavutika podutsa. Tina tinkavuulidwa mumtsinje wa Seine. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ambiri okwera sanasiye galimoto kunyumba. Anali anthu omwe akanayenda wapansi kapena kukwera sitima, mumzinda umene miyendo imakufikitsa malo ambiri bwinobwino.

Pa 2 Epulo 2023, ku Paris kunachitika voti imene meya Anne Hidalgo anaitanitsa. Anavota anali ochepa, osafika 8 pa anthu 100 alionse olembetsa, koma pafupifupi 90 pa 100 mwa iwo anakana timasikutati. Kuyambira pa 1 Sepitembala timasikuta tobwereketsa tinachotsedwa. Amene ali ndi kakekake akukwerabe.

Ine ndikuti anthu a ku Paris anachita bwino. Njira ya wapansi ndi ya agogo, mwana ndi mayi wobereka khanda, ndipo aliyense wobweretsa makina aziyamba waganizira iwowa.