Nyumba ya Cipembere ku Shiwa Ng'andu

Madzulo ano tikambe za nyumba yaikuru imene iri kumpoto kwa dziko la Zambia, pakati pa Mpika ndi Chinsali, m'dziko la Abemba. Malowo achedwa Shiwa Ng'andu, ndiko kunena kuti nyanja ya ng'ona, pakuti pafupi pace pali kanyanja kamene Dr. Livingstone anapitirapo m'caka ca 1867.

Mwini wace anali Stewart Gore-Browne, msilikari wa ku England, amene anadza m'caka ca 1911 kudzalemba malire a Northern Rhodesia ndi Congo. Mu 1914 anaona malowa nawakonda, nagula maekala 10,000. Nkhondo yaikuru inamcotsapo, koma mu 1920 anabwerera kudzakhala.

Taganizani za bvuto lace. Njanji inali kutali mamailosi 400, ndipo njira ya galimoto panalibe. Cifukwa cace njerwa zonse anaumba ndi kuocha pomwepo ndi dothi la komweko. Matabwa anaceka m'nkhalango. Ndipo katundu wocokera kunja anadza pamitu pa amtengatenga. Pang'ono pang'ono inaimirira nyumba yosanja ya njerwa zofiira, yofoleredwa ndi mapale, yokhala ndi nsanja pakati, cipinda ca mabuku ndi kacisi wopemphereramo. Pa cipata anamanga nsanja ina ya wochi, ndipo capafupi panali sukulu ndi cipatala.

Cuma cosungira zonsezi cinali cobvuta. Anabzala mitengo ya malalanje ndi mandimu, nagulitsa mafuta ace onunkhira. Koma mu 1958 nthenda inapha mitengoyo.

Anthu anamucha Cipembere, pakuti anali waukali, ndipo anchito analidziwa dzanja lace. Ici sitibisa. Komabe munthu yemweyo, pokhala m'Bungwe Lopanga Malamulo kuyambira 1935 kufikira 1951, ananenera Aafrika molimbika, ndipo pambuyo pace anathandiza Dr. Kenneth Kaunda pa nkhondo ya ufulu. Pamene anamwalira mu 1967, Boma la Zambia linamuika mwaulemu wa dziko, pa phiri loyang'ana nyanja ija.

Zitapita zaka, nyumba inayamba kugumuka ndi kudontha, kufikira adzukulu ace anaikonzanso.

Tsono funso ndi ili: kodi colowa cimeneci nca yani? Ena ati ndi cikumbutso ca utsamunda cabe, cosayenera kucisamala. Ine nditi ai. Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Maganizo anali a Mzungu mmodzi, koma manja amene anaponda dothi, naocha njerwa, nakweza mitanda, anali a Abemba mazana ambiri amene maina ao sanalembedwe pa khoma liri lonse. Nyumbayo ikagwa, umboni wa luso lao ugwa nayo pamodzi.